Kumanganso Injini ya Njinga Yamoto Yakale Kuti Ikhalitse pa Misewu ya ku Tete

Njinga yamoto imene ndinaphunzirirapo ntchito imeneyi inali Honda CG125 ya amalume anga, yomwe kwa zaka zambiri inkanyamula matumba a kachewere kuchokera kuminda ya ku Tsangano kupita nawo kumsika wa ku Ulongwe. Pamene ankandipatsa inali ikufuka utsi wabuluu, oyilo sankakhalitsa m'mimba mwake, ndipo pokwera chitunda inkalira ngati mwaponya timiyala m'chitini. Malangizo ali pano ndawalemba poganizira injini ya mtundu umenewo, pamodzi ndi injini zambiri za ku China zimene zinapangidwa motengera iyo, chifukwa ndizo zadzaza m'midzi yathu kuyambira ku Angónia mpaka ku Macanga ndi ku Chifunde.

Injini imeneyi ndi yoyenera kuivutikira. Mu 1974 akatswiri a Honda anayendera mayiko monga Thailand, Indonesia, Philippines, Iran ndi Pakistan, ndipo anapeza kuti anthu amanyamula katundu wolemera panjinga zazing'ono, sasintha oyilo mpaka ataderatu, komanso sefa za mpweya zapepala zimatsekeka ndi fumbi. CG125 inatuluka mu 1975 poyankha mavuto amenewo. Mavalavu ake amakankhidwa ndi timitengo tiwiri tachitsulo totchedwa mapushirodi, kamu (chitsulo chozungulira chokhala ndi mphuno yokankha timitengoto) ili pansi pafupi ndi oyilo, ndipo sefa ya mpweya ndi yasiponji yochapika. Komabe ngakhale injini yopirira chonchi imatha, ndipo kuno kwathu zimene zimaitha ndi fumbi, kutentha ndi oyilo wakuda. Munthu amene angosintha pisitoni osathana ndi zitatu zimenezi adzaitsegulanso chaka chisanathe.

Musanamasule bawuti lililonse

Yambani ndi kuimvetsera injini ikadali pa njinga. Utsi wabuluu wosaleka umaloza ku maring'i kapena silinda yodyeka, pamene utsi wotuluka pongoliza m'mawa kenako n'kutha nthawi zambiri umachokera ku timipira ta mavalavu. Kugogoda kolemera kwapansi, komwe kumakula injini ikalemedwa, kumachititsa kukayikira bering'i ya konirodi, mkono wachitsulo wolumikiza pisitoni ndi kiranki (chitsulo chachikulu chozungulira cha pansi pa injini). Ngati mungabwereke chida choyezera mphamvu ya kupanikiza kwa mpweya m'silinda, yezani kawiri: koyamba mmene ilili, kachiwiri mutathira kasupuni kakang'ono ka oyilo pabowo la pulagi. Muyeso ukakwera kwambiri ulendo wachiwiri, vuto lili pa maring'i, koma ukakhala pomwepo, yang'anani ku mavalavu. Lembani zonsezi m'kope, chifukwa injini ikamasulidwa simudzakhalanso ndi mwayi woimva.

Kenaka konzani malo. Ichi ndicho chinthu chimene ambiri amachipeputsa, ndipo ndimamva chisoni ndikaona injini yotsegula itagonekedwa pathumba m'mbali mwa msewu, magalimoto akuluakulu akudutsa n'kumaithira fumbi. Pezani chipinda chotseka, thirani madzi pansi musanasese, ndipo ikani tebulo kapena chitseko chakale choyalidwa katoni woyera. Amene mumakhala ku Moatize, kumene fumbi la malasha limalowa ngakhale m'nyumba yotseka, vindikirani ziwalo ndi nsalu nthawi iliyonse mukachoka pantchito. Tsukani kunja kwa injini yonse ndi palafini ndi burashi isanatsegulidwe, makamaka pakati pa zipsepse za silinda ndi kuzungulira giya yaing'ono ya tcheni.

Pa zida, kuwonjezera pa masipanala ndi masoketi, mufunika chokokera magineto, soketi ya mano 4 yomasulira nati ya sefa ya oyilo, feeler gauge yomwe ndi timapepala tachitsulo toyezera mipata, ndi torque wrench yomangira manati pa mphamvu yoyezedwa. Masikuluwu a njinga zakale za ku Japan mitu yake imasiyana pang'ono ndi sikuludiraiva wamba wamtanda, n'chifukwa chake imafafanizika msanga. Gwiritsani ntchito impact driver, chomasulira chimene mumachimenya ndi hamala, ndipo mudzapulumutsa masikuluwu ambiri.

Kumasula

Khuthulani oyilo injini ikadali yofunda, ndipo muyang'anitsitse m'beseni. Tizitsulo tonyezimira ngati mchenga wa mumtsinje tikuuzani kuti mkati muli chiwalo chimene chikudyeka. Tsitsani injini pa fulemu mutachotsa kabuleta, ekizozi, tcheni, waya wa kilatchi ndi mawaya a magetsi.

Tengani katoni, jambulanipo chithunzi cha chivindikiro chilichonse, boolani timabowo, ndipo bawuti lililonse mukalimasula mulilowetse pamalo pake pachithunzipo. Mabawuti amenewa amasiyana kutalika, ndipo lalitali likalowa pabowo lalifupi limang'amba aluminiyamu. Jambulaninso ndi foni pa sitepe iliyonse.

Yambirani pamwamba. Chotsani chivindikiro cha mavalavu, masulani ma rocker (timikono timene timakankha mavalavu), tulutsani mapushirodi ndi kuwaika chizindikiro kuti lililonse lidzabwerere mbali yake. Manati a hedi (mutu wa silinda) amasulidwe pang'onopang'ono mopingasa, osati kumaliza imodzi kenako n'kupita pa inzake, chifukwa hedi ikhoza kupindika. Silinda ikakana kutuluka, igogodeni ndi hamala yampira pamalo ochindikala, koma musalowetse sikuludiraiva pakati pa nkhope ziwiri zokumana, popeza chilonda chimene mungasiye pamenepo chidzadontha oyilo mpaka kalekale. Silinda ikangonyamuka, tsekani kukamwa kwa kesi (thupi la m'munsi la injini) ndi nsalu yoyera musanachotse timawaya togwira pini ya pisitoni.

Kudzanja lamanja kuli kilatchi, pampu ya oyilo ndi sefa yozungulira imene ili kumapeto kwa kiranki. Sefa imeneyi ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo. Imagwira ntchito pozungulira mothamanga n'kumaponyera litsiro m'mbali mwake, ndipo litsirolo limaumbika n'kuuma. Pa njinga ya amalume ndinapeza itadzaza mpaka pakamwa ndi chinthu chotuwa cholimba ngati dongo louma la pachulu, moti ndinachita kuchikokota ndi kamtengo. Sefa ikafika pamenepo ndiye kuti yasiya kusefa, ndipo litsiro lonse limangodutsa kupita ku bering'i ya konirodi. Kudzanja lamanzere kuli magineto, yomwe iyenera kutulutsidwa ndi chokokera chake basi. Kuimenya ndi hamala kumafooketsa maginito ake ndiponso kumapinda kiranki.

Mukagawa kesi pakati, tulutsani magiya onse pamodzi osawabalalitsa, ndipo ngati mukufuna kuwamasula, tungani giya iliyonse ndi mawashala ake pawaya motsatira mmene zatulukira.

Kutsuka ndi kuyeza

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndikupemphani kuti musathamange. Tsukani chiwalo chilichonse m'palafini woyera, sinthani palafiniyo akada, ndipo tsatirani njira iliyonse ya oyilo m'kesi ndi m'chivindikiro chakumanja, kuipopera mpweya mpaka mutatsimikiza kuti yatseguka. Ngakhale pampu yopopera matayala imathandiza. Kasefa kawaya kamene kali pansi pa injini, kuseri kwa chotsekera chokhala ndi sipuling'i, katsukeni ndipo mukayang'ane padzuwa ngati sikanabooke. Zotsalira za gasiketi zipaleni mofatsa ndi chinthu chosakanda aluminiyamu.

Silinda ya CG125 ikakhala yatsopano imakhala mamilimita 56.5 m'mimba mwake, ndipo pisitoni imayenda mamilimita 49.5, zomwe zimapereka 124 cc. Yendetsani chikhadabo mkati mwa silinda chakumtunda. Chikakodwa pakamzere, kapena mukaona mikwingwirima yotsika imene chala chikuimva, maring'i atsopano okha sangathandize. Silinda yotero iyenera kukulitsidwa pa makina kuti ilandire pisitoni yokulirapo, ndipo mapisitoni amenewa amabwera m'masitepe a 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00 mm. Gulani pisitoni poyamba, kenako mupite nayo pamodzi ndi silinda kwa wamakina, kuti akulitse bowo motsatira pisitoni yeniyeniyo osati nambala yolembedwa pabokosi. Popita kukagula nyamulani pisitoni yakale ndi pini yake, chifukwa injini za banja limeneli zina zili ndi pini ya mamilimita 15 pamene zina ndi ya 13, ndipo kuchoka ku Furancungo kupita mumzinda wa Tete n'kubwerako ndi chiwalo cholakwika ndi ulendo wowawa.

Pa nkhani ya silinda ndili ndi chilonda changa. Ulendo woyamba ndinailandira kuchokera kwa wamakina ikuoneka yoyera, ndinaitsuka ndi petulo n'kuimanga. Patangotha miyezi yochepa utsi unayambiranso. Bambo wina wachikulire, makaniko wa kwathu, anatenga nsalu yoyera, naidontheza oyilo, napukuta mkati mwa silinda ina yongochokera ku makina, n'kundionetsa nsaluyo itatuwa. Anati: "Mwanawe, uwu ndi mchenga wa mwala wonolera. Petulo sauchotsa. Waumangira mkati, ndiye wadya maring'i ako." Kuyambira pamenepo silinda ndimaitsuka ndi madzi otentha, sopo ndi burashi, kuiumitsa msanga, kuipaka oyilo kuti isachite dzimbiri, ndi kuipukuta ndi nsalu yoyera mobwerezabwereza mpaka nsaluyo itatuluka yopanda utoto uliwonse.

Maring'i atsopano ayezeni musanawaveke. Lowetsani imodzi m'silinda, ikankheni ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale yowongoka, ndipo yezani mpata wa pakamwa pake ndi feeler gauge. Pa maring'i awiri apamwamba mpatawo ukhale pakati pa 0.15 ndi 0.35 mm. Ukachepa, chitsulo chikatentha n'kufutukuka milomo imakumana ndipo ring'i imathyoka kapena kukanda silinda, zomwe zimachitika mosavuta m'chigwa cha Zambezi mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukapitirira madigiri 40.

Konirodi iyeseni poikoka m'mwamba ndi kuikankhira pansi molunjika. Kugwedera pang'ono cham'mbali n'kwachibadwa, koma kusewera kulikonse kokwera ndi kotsika kukutanthauza kuti bering'i yatha. Kiranki ya injini imeneyi ndi yophatikizidwa pa makina opanikiza, choncho kusintha konirodi si ntchito ya pakhomo. Iperekeni kwa munthu amene ali ndi makinawo komanso wotchi yoyezera kuwongoka kwake, kapena gulani kiranki yathunthu. Mabering'i akuluakulu atsukeni, adonthezeni oyilo n'kuwazunguza ndi chala pafupi ndi khutu. Mukamva kukhakhala kulikonse, asintheni, pakuti mtengo wake ndi wochepa pouyerekeza ndi ntchito yogawanso kesi.

Yang'ananinso mphuno ya kamu ndi nkhope za ziwalo ziwiri zimene zimatsetsereka pa iyo. Pa injini imeneyi mphuno imodzi yokha ndiyo imatsegula mavalavu onse awiri, ndiye ikadyeka injini yonse imafooka. Mapushirodi agubuduzeni pagalasi kuti muone ngati ali owongoka. Pa magiya, onani mano ang'onoang'ono a m'mbali amene amalumana: akakhala obulungira, ndicho chifukwa giya inkadumpha.

Hedi ndi mavalavu

Tulutsani mavalavu, palani mwaye, ndipo gwedezani valavu iliyonse ili m'njira yake. Ikamagwedera moonekeratu, njirayo yatha ndipo timipira tatsopano sitikhalitsa. Ngati zili bwino, pakani phala lonolera pamlomo wa valavu n'kuizunguza pampando wake uku ndi uku pakati pa zikhato, monga mmene timapekesera moto, mukuinyamula pafupipafupi. Mulekeze pamene paoneka mzere wotuwa wosadukiza kuzungulira valavu ndi mpando womwe. Phala limenelo ndi mchenga, choncho litsukeni lonse. Mukamanga mavalavu ndi timipira tatsopano, tembenuzani hedi, thirani palafini m'chibowo choyakira moto pulagi ili m'malo, ndipo dikirani mphindi zingapo. Palafini akatulukira kunjira ya kabuleta kapena ya ekizozi, bwerezani kunola.

Kumanga

Sambani m'manja, yalani katoni watsopano, ndipo chiwalo chilichonse choyenda chipakeni oyilo woyera musanachiike. Bering'i yolowa m'kesi imalowa mosavuta mukaiziziritsa mufiriji n'kufunditsa kesiyo, ndipo poigogoda menyani mkombero wakunja wokha. Masilo onse a oyilo akhale atsopano. Magiya mukawaika, yesani kusintha onse ndi dzanja musanatseke kesi, ndipo mukatseka onetsetsani kuti kiranki ikuzungulira momasuka.

Chenjerani ndi silikoni. Ndaona injini zambiri zomatidwa silikoni wochuluka ngati akumata ming'alu ya nyumba. Wotulukira kunja amangonyansa, koma wotulukira mkati amaduka n'kukatseka njira ya oyilo, ndipo hedi imauma. Gasiketi yabwino pankhope zoyera imakwana yokha. Mabawuti ang'onoang'ono a mamilimita 6 amangofuna mphamvu ya pafupifupi 10 Nm pa torque wrench, yomwe ndi yochepa kuposa mmene dzanja limafunira.

Giya ya kamu ili ndi kadontho kamene kayenera kukumana ndi chizindikiro cha pagiya ya kiranki. Mukaphonya ndi dzino limodzi lokha injini idzalira koma yopanda mphamvu, choncho yang'anani kawiri. Pampu ya oyilo ithireni oyilo musanaitseke, ndipo mbale zatsopano za kilatchi zigone m'oyilo usiku wonse.

Pisitoni ili ndi chilembo cha IN pamutu, ndipo mbali imeneyo iyang'ane ku kabuleta. Maring'i avekedwe zilembo zake zikuyang'ana kumwamba, ndipo pakamwa pa iliyonse patalikirane ndi pa inzake mozungulira, pasakhale pondondozana. Timawaya togwira pini tikhale tatsopano nthawi zonse, chifukwa kakale kakafooka n'kutuluka injini ikuthamanga kamalima ngalande m'silinda imene mwangoilipira kumene. Tsitsani silinda pang'onopang'ono mukupanikiza ring'i iliyonse ndi zala, osaikakamiza. Musaiwale timapaipi tating'ono tolunzanitsa silinda ndi hedi, ndiponso kampira kozungulira kamene kamatseka njira ya oyilo wokwera kumwamba. Manati a hedi amangeni mopingasa m'maulendo atatu, mukuwonjezera mphamvu pang'onopang'ono mpaka kufika pa muyeso wolembedwa m'buku la injini yanu.

Matapeti, kutanthauza mipata ya pakati pa ma rocker ndi mavalavu, amasetedwa injini ili yozizira. Zunguzani magineto mpaka chilembo cha T chilunjike pachizindikiro cha pakesi, pa ulendo umene mavalavu onse awiri atsekeka ndipo ma rocker akugwedera. Mpata ukhale 0.08 mm pa valavu iliyonse. Ena amawamanga kwambiri kuti injini ikhale chete, koma valavu yosatseka bwino imapsa, ndipo kalikiliki wapang'ono wa matapeti ndi wabwino kuposa bata limenelo. Pulagi yake ndi NGK D8EA yokhala ndi mpata wa 0.6 mpaka 0.7 mm. Pa njinga zakale kwambiri zokhala ndi mapointi (timilomo tachitsulo totseguka ndi kutseka tolamulira moto wa pulagi), mpata wake ndi 0.3 mpaka 0.4 mm, ndipo ayambe kutseguka chilembo cha F chikafika pachizindikiro.

Zotsekera fumbi kunja

Injini yatsopano yolumikizidwa ku bokosi la mpweya long'ambika ndi ndalama zotayika. Yang'anani mpira wolumikiza bokosilo ndi kabuleta, upindeni ndi zala, ndipo mukaona ming'alu usintheni. Siponji ichapeni m'palafini, iume, kenako inyowetseni ndi oyilo n'kuifinya kuti otsala atuluke, pakuti oyilo ameneyo ndiye amagwira fumbi. Siponji youma imangodutsitsa. Ikayamba kunyenyeka m'manja, yatha. Tsukani thanki ndi kabuleta, ndipo ikani kasefa kakang'ono papaipi ya petulo, chifukwa kumidzi ambiri timadalira petulo wa m'mabotolo amene nthawi zina amabwera ndi litsiro kapena madzi.

Kuliza koyamba ndi makilomita oyambirira

Thirani oyilo wa njinga zamoto wokhala ndi chizindikiro cha JASO MA, pafupifupi lita imodzi, ndipo mutsimikize ndi kamtengo koyezera. Oyilo wina wa magalimoto ali ndi mankhwala oterera amene amachititsa kilatchi kutsetsereka, popeza pa injini imeneyi kilatchi imasamba m'oyilo yemweyo. Kumalo ozizira ngati ku Angónia 10W-40 amakwana, koma kwa woyenda mumzinda wa Tete ndi m'chigwa ine ndimasankha 20W-50.

Chotsani pulagi n'kupalasa kiki kambirimbiri kuti pampu ikoke oyilo. Mukabwezera pulagi n'kuliza, musaponde moto. Isiyeni ilire pang'onopang'ono, ndipo mkati mwa mphindi yoyamba tukulani pang'ono chivindikiro cha mavalavu kuti muone ngati oyilo wafika pa ma rocker. Ngati pali pouma, zimitsani nthawi yomweyo n'kufufuza. Musaisiye ikulira itaima kwa nthawi yaitali, chifukwa injini imeneyi imazizira ndi mphepo ya paulendo.

Pa makilomita 500 oyambirira yendani nokha, opanda matumba kapena wokwera kumbuyo, ndipo muzisinthasintha liwiro ndi magiya m'malo mokhala pa liwiro limodzi. Musaikakamize kukwera chitunda pa giya yapamwamba, ndiponso musaithamangitse mpaka pamapeto. Ngati muli kuchigwa, yendani m'mawa kapena madzulo. Ine oyilo woyamba ndimamukhuthula pa makilomita 100, wachiwiri pa 500, ndipo nthawi zonse ziwiri ndimatsuka kasefa kawaya. Pa 500 pomwepo, injini itazizira, yesaninso manati a hedi ndi kusetanso matapeti, popeza gasiketi yatsopano imakhala itaphwa pang'ono. Kuchokera apo, pa misewu yathu yafumbi ndimasintha oyilo pa makilomita 1,000 aliwonse, ndipo sefa yozungulira ija ndimaitsegula kamodzi pachaka.

Pomaliza pa ntchitoyi werengani pulagi mutayenda ulendo wautali ndithu. Nsonga yake ikhale yofiirira ngati khofi wothira mkaka. Ikakhala yakuda ndi mwaye, petulo wachuluka, ndipo ikakhala yoyera mbee, petulo wachepa ndipo injini ikutentha mopitirira. Kumbukirani kuti Ulongwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 pamene mzinda wa Tete uli pansi m'mphepete mwa Zambezi, kumene mpweya ndi wochindikala. Kabuleta amene mwamuchepetsera petulo kuti aziyenda bwino kumapiri akhoza kuumitsa injini mukatsikira kuchigwa, choncho pa ulendo woyamba wotsika imani panjira, dikirani izizire, ndipo muyang'anenso pulagiyo musanapitirize.